Amalume Yelemiya ndi Anunkhadala a ku Chelstone

Sabata yatha ndinapeza nunkhadala m'kolala ya shati yanga ndili m'basi yopita ku tawuni. Mayi amene anakhala pafupi nane anasuntha, kondakitala anatsegula windo, ndipo ine, monga munthu woleredwa bwino, ndinayang'anitsitsa bambo wina wosalakwa kuti anthu aganize kuti ndi iyeyo. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti chaka chakwana chimwalirire amalume anga, a Yelemiya Tembo a ku Chelstone mu Lusaka. Anthu ena amakumbutsidwa akufa awo ndi nyimbo ya kutchalitchi. Anga amabwera ndi fungo.

Achibale andipempha kuti ndilembe kanthu kowakumbukira, poti m'banja mwathu ine ndiye ndinafikako ku koleji. Zoti ndinatulukako ndisanamalize amazikumbukira pa nkhani zina zonse, kupatula ikapezeka ntchito yaulere. Amalume ankanditcha Pulofesa kuyambira tsiku limene ndinafika pakhomo pawo ndi chikwama cha mabuku osatsegulidwa. Anandipatsa kachipinda ka kuseri, kamene windo lake linayang'anizana ndi mtengo wa malalanje. Choncho zimene ndikulembazi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinazinunkhiza ndekha.

Mtengowo ndiye nkhani yonse. Unali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda, ndipo aliyense amene anakhalapo nawo pafupi anafunapo kuudula. Mvula ikamatha, kuzizira kukamayamba, anunkhadala ankatsika mumtengomo, obiriwira ndi ena odera, a msana wophwatalala, n'kuyamba kufuna malo ofunda. Ankalowa m'makatani, m'nsapato, m'matumba a mathalauza oyanikidwa, kuseri kwa chithunzi cha ukwati, ngakhale m'buku la nyimbo. Munthu ukavala nsapato mosayang'ana, tsiku lonse umayenda wekha.

Amalume sankalola kuti mtengowo ukhudzidwe ndi nkhwangwa, ndipo chifukwa chake abale tonse tinkachidziwa. Pansi pake panali mchombo wa Dalitso, mwana wawo woyamba. Mchombowo utagwa, apongozi awo amene anabwera kuchokera ku Katete kudzasamalira khandalo anati ukwiriridwe pakhomo monga timachitira kumudzi, kuti mwana adziwe kwawo. Amalume anakumba kuseri, ndipo poopa kuiwala malowo anabzalapo kambande ka lalanje. Dalitso anamwalira asanayambe kuyenda. Anamuika kumanda akale aja odzaza, kachitsulo kolembedwa dzina lake kanazulidwa ndi anthu ogulitsa zitsulo, udzu unamera, manda ena anabwera pamwamba pa njira. Patapita zaka, iwo ndi akazi awo anayendayenda kumeneko tsiku lonse osapapeza. Anabwerera kunyumba, n'kuthirira mtengo.

Chimene anthu akunja sankachidziwa n'chakuti munthu amene anathera ukalamba wake akulimbana ndi anunkhadala sanamvepo fungo lawo chiyambire nkhondoyo. Amalume anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba ina yosungiramo mankhwala a kumunda ku Heavy Industrial Area, akunyamula matumba ndi migolo, ndipo pomwe ankapuma pantchito mphuno zawo zinali zitapuma kale. Zinangotsala zogwirizira magalasi. Nyama yowola, perefyumu, tayala loyaka, kwa iwo zonse zinali mphepo.

Mphuno zawo zinali azakhali Esinati, akazi awo. Anthu awiriwa anali ndi pangano limene sanalilankhulepo pagulu. Amalume akamatuluka ndi shati imene nunkhadala wagonamo, azakhali ankatsokomola kawiri, kachifuwa kouma, osadzutsa maso pa zimene akuchita. Amalume ankabwerera pakhomo pomwepo ngati aiwala kiyi, n'kutuluka ndi shati ina. Ndinatha miyezi ndikuganiza kuti azakhali ali ndi chifuwa chachikulu. Dziko lonse linkatcha amalume kuti atate a Tisa, potengera mwana wawo wamkazi amene anakula, koma azakhali mpaka imfa yawo ankawaitana kuti atate a Dalitso.

Nkhondoyo inali ndi malamulo, ndipo loyamba linali lakuti nunkhadala saphwanyidwa. Ankati ukamuphwanya wapha mmodzi, koma wanunkhitsa dzanja lako, nyumba yako, ndi mlendo amene sananyamuke n'komwe kwawo. Ankatinso kachilomboka sikayamba ndewu, kamanunkha kakachita mantha, choncho kafikire mwaulemu ngati ukufikira apongozi. M'mamawa kukadali kozizira, anunkhadala akadali ouma miyendo, ankatuluka ndi beseni la madzi a sopo, n'kuliika pansi pa nthambi, n'kugogoda nthambiyo ndi ndodo pang'onopang'ono. Tizilomboto tinkagwera m'thovu tisanapeze mpata wodandaula. Ta m'nyumba ankatikankhira ndi kapepala m'botolo lodulidwa kukamwa. Mazira, amene amandandalikana kunsi kwa masamba ngati mikanda, ankawathothola ndi tsamba lomwe. Ming'alu ya m'mawindo ankaimata, kunsi kwa chitseko ankatsekako ndi chisanza, ndipo babu la pakhonde linali loletsedwa, poti kuwala kumawaitana. Anthu ambiri anapunthwa pa sitepe yathu chifukwa cha lamulo limeneli, kuphatikizapo abusa.

Za mankhwala opopera sankafuna kumva. "Anandidya mphuno ine," ankatero. "Mufuna atsikire ku mizu?" Ndipo aliyense ankadziwa amene ali ku mizuko.

Sanali munthu wokhala pansi. Ukamalankhula nawo, maso awo ankakhala kuseri kwa phewa lako, akufufuza khoma. Umatha kuwauza kuti kumudzi kwagwa maliro, iwo n'kuyankha kuti pepani, usagwedezeke, n'kukuchotsa kanthu pakhosi. Pakudya ankadzuka kukagwedeza katani. Kutchalitchi ankasankha mpando wa pawindo, ndipo ulaliki ukafika pokoma umawaona akuyendetsa chala m'mphepete mwa galasi.

Mdani wawo wa miyendo iwiri anali ba Chanda, oyandikana nawo nyumba, munthu wa mapemphero amphamvu amene anagwirapo ntchito ya m'banki. Nthambi zina za lalanje zinkadumpha mpanda kupita kwawo, ndipo anunkhadala sankadziwa za malire.

"Ba Tembo!" ankafuula ba Chanda mutu uli pamwamba pa mpanda. "Tudoyo twanu twangena futi mu nyumba yanga. Kamozi nakapeza mu kapu ya tiyi!"

"Tizilomboto takuonetsani chitupa kuti ndi tanga?"

"Tuchokela mu mutengo wanu!"

"Malalanje amene munadya chaka chatha anachokera mumtengo wa ndani? Sindinaone mukundibwezera ngakhale khoko."

Ba Chanda anayesa zonse. Anapopera mankhwala mbali yawo, anunkhadala n'kusamukira kwathu, mankhwala atatha mphamvu n'kubwerera ndi abale awo. Anaupempherera mtengowo kuti uume, atatambasulira dzanja pamwamba pa mpanda, ndipo chaka chimenecho unabereka mpaka nthambi kuthyoka. Amalume anawatumizira beseni lodzaza malalanje ndi uthenga wakuti apitirize mapemphero. Pamaliro a amalume, ba Chanda omwewo ndiwo analira mpaka kuchita kugwiridwa. Nunkhadala mmodzi anatera pa bondo lawo m'tenti ya maliro. Ndinawaona akukweza dzanja, n'kuliimitsa m'malere, kenako n'kutenga pulogalamu ya maliro n'kumukankhira pansi mwaulemu.

Koma ndathamangira kutsogolo.

Azakhali Esinati ndiwo anatsogola, ndipo atapita, amalume anatsala ndi nkhondo yopanda wowauza ngati akupambana. Kusakhazikika kwawo kunawonjezeka. Asanatuluke pageti ankabwera pawindo langa, manja atatambasula ngati munthu woti asechedwe.

"Pulofesa, ndikununkha?"

"Mukununkha ulemerero, amalume."

"Iwe, ndikufunsa zoona."

"Zoona zake muli bwinobwino."

Ankandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kukasintha shati basi. Munthu amene umaseka pa chilichonse, tsiku lonena zoona sumveka.

Tsopano ndifike pa tsiku limene mtengo unatsala pang'ono kugwa. Tisa, msuweni wanga, anali atakula, akugwira ntchito mu ofesi ku tawuni, wa nsapato zogogoda ndi Chinyanja cha mu Lusaka chimene amalume ankati n'chophika theka. Anapeza mwamuna dzina lake Mapalo, wa ku Kabulonga kwa anthu olemera. Ankhoswe anali atamaliza zawo, ndipo kunatsala kuti amake Mapalo ndi mlongo wawo abwere kudzaona pakhomo pamene mtsikana anakulira. Inali nyengo yozizira, nyengo yeniyeni ya anunkhadala.

"Ba tate," anatero Tisa tsiku lina ataima pakati pa balaza, "bantu aba bachokela ku Kabulonga. Ku nyumba kwao ngakhale nyelele ingena na apointimenti. Mufuna bakankale pa sofa na tudoyo?"

"Nunkhadala saluma."

"Saluma, anunkha! Imwe simumvela, ise ndise tivutika. Ku sukulu benze kuniseka chifukwa cha yunifomu, mwaibala? Nakamba kudala na muntu wa makina, azabwela kuujuba mutengo uja."

Amalume anasiya katani imene ankagwedeza. "Ukudziwa amene ali pansi pamenepo."

"Niziba, ba tate. Koma ine nili pamwamba. Nili moyo, nipema, na mphuno nili nazo."

Ndinamva nunkhadala akuuluka kukhitchini, kaphokoso kake kaja ngati njinga yamoto ya patali. Tisa sankanama. Anakula akupikisana ndi mchimwene amene sanalakwepo, sanayankhepo mwano, ndipo chaka ndi chaka ankabereka malalanje.

"Chabwino," anatero amalume. "Munthu wako wodula mitengoyo umuuze adikire. Alendo ako akaona nunkhadala ngakhale mmodzi m'nyumba muno, nkhwangwa ndikupatsa ndekha."

"Wamvela, iwe Pulofesa? Ndiwe mboni."

Umenewo ndi udindo waukulu kwambiri umene ndinapatsidwapo, ndipo ndinaulandira nditagona pa sofa.

Masiku otsatirawo amalume sanadye chakudya atakhala pansi. Makatani onse anatsitsidwa, kuchapidwa, n'kufufuzidwa m'mipendero. Masofa anagadabuzidwa. Chithunzi cha ukwati chinachotsedwa pakhoma, ndipo kuseri kwake kunapezeka mpingo wathunthu ndi akulu a mpingo omwe. Beseni la sopo linkadzaza m'mawa uliwonse. Anadula ndi dzanja lawo nthambi imene inkakhudza denga, ndipo ndinawamva akuilankhula motsitsa mawu. Kenako anamata. Anamata mawindo, timabowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma, pakhomo la kukhitchini, paliponse pamene kachilombo kangalowetse mwendo. Pofika tsikulo nyumba ya amalume inali yotsekeka ngati botolo. Mfundo imeneyi muisunge.

Alendo anafika masana pa galimoto yaitali imene inalephera kukhota pageti. Amake Mapalo anali mayi wamtali, wa wigi yonyezimira ndi perefyumu amene analowa m'nyumba iwo akadali panja. Mlongo wawo anali bambo wonenepa, wa mawu a m'mimba. Atakhala pa sofa, amake Mapalo anati tiyambe ndi pemphero, ndipo analiyamba okha.

Linali pemphero la anthu osathamangira kwina. Linayambira pa kulengedwa kwa dziko. Ine popemphera sinditseka maso onse, ndi chizolowezi cha ku koleji, ndipo pemphero litafika cha ku Iguputo ndinamuona. Nunkhadala mmodzi, wamkulu, wobiriwira ngati tsamba, anatulukira kuseri kwa sofa ya alendo. Kumene anabisala pa chipwirikiti chonse chija sindikudziwa. Anaima, anagwedeza tinyanga take ngati akuyamikira ulaliki, n'kuyamba kuyenda pamwamba pa sofa kulunjika pa phewa la amake Mapalo.

Nditayang'ana amalume ndinapeza kuti nawonso diso limodzi linali pantchito.

Botolo lawo linali kukhitchini. Kapepala panalibe. Anadzuka osapanga phokoso, munthu wa mawondo olira ngati chitseko, anawoloka kapeti ndi masokosi, anatambasula dzanja kuseri kwa wigi, n'kumutola nunkhadalayo ngati akutola dzira. Anamufumbata mosafinya, n'kubwerera chambuyo. Thako lawo litangokhudza mpando, amake Mapalo anati ameni.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Akanangopempha kupita kuseri, kapena kuponya dzanja m'thumba. Koma mlongo wa amake Mapalo, pofuna kuonetsa kuti Kabulonga sinamuiwalitse mwambo, anatsetsereka pa sofa, n'kugwada bondo limodzi, n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Ba Tembo, tabwela kuti tizibane. Mwana wanu manje ni mwana wathu."

Maso onse anatembenukira kwa mwini nyumba. Munthu wa ku Katete, mkulu wa mpingo, mlendo wagwada n'kukuwombera m'manja m'nyumba mwako, sungamuyankhe ndi chibakera. Sungamuuzenso kuti dikirani ndikataye kanthu. Ndinaona amalume akuwerengera. Kuwomba kwa ulemu sikukhala kwa manja ophwatalala ngati kwa ku mpira. Manja umawapinda, pakati n'kutsala kamphako. Iwo anakhulupirira kamphako kameneko. Anabweretsa dzanja lamanzere pa lamanja, anatsegula zala mkati mobisa, n'kuyamba kuwomba, phu, phu, phu, pang'onopang'ono, mutu atauweramitsa.

"Zikomo, zikomo. Mwatilemekeza. Khalani omasuka, kuno ndi kwanu."

Nunkhadala sanaphwanyike. Pa mfundo imeneyo sayansi ya amalume inali yolondola. Koma iwo omwe ndiwo anatiphunzitsa kuti kachilomboka kamanunkha kakachita mantha, ndipo sindikudziwa mantha oposa kutsekeredwa mumdima makoma akukuwombera mbali zonse.

Fungo linafika kwa ine poyamba. Kenako linamupeza bambo wogwada uja, amene anadzuka mofulumira kuposa mmene thupi lake linkalolera. Linakumana ndi perefyumu wa amake Mapalo pakati pa balaza, zinalimbana pang'ono, perefyumu n'kugonja. Tisa, amene ankalowa ndi thireyi ya zakumwa, anaima pakhomo ngati wawombedwa mbama. Mawindo anali omata. Mpweya unalibe kolowera, fungo linalibe kotulukira.

Palibe amene ananena kanthu. Umenewo ndiye ulemu wathu. Amake Mapalo anatulutsa kansalu m'chikwama n'kumachita ngati akupukuta thukuta la pamlomo, m'mwezi wozizira. Mlongo wawo anayamba kupuma ndi pakamwa, zimene zinapangitsa kuti aoneke ngati akudabwa ndi chilichonse chonenedwa. Tinadya nkhuku imene inkamveka nunkhadala. Ndipo pakati pa zonsezi panakhala amalume Yelemiya, dzanja lamanja atalifumbata pa bondo, akukana chakudya ponena kuti adya kale, nkhope ikuwala. Sindinawaonepo osangalala chotero. Ankafunsa alendo za msewu, za mvula, za mitengo ya zinthu. Ankandiyang'ana n'kunditsinzinira diso. M'mutu mwawo anali atapambana, ndipo panalibe wotsokomola.

Atatha kudya, amake Mapalo anapempha kuti aone kuseri kwa nyumba, ati amakonda maluwa. Kuseri kwathu kunalibe duwa ngakhale limodzi, koma tonse tinathamangira panja ngati anthu okonda maluwa kwambiri. Mayiwo anapuma mpweya wautali, kenako maso awo anagwera pa mtengo, ndi pa beseni la thovu limene linaiwalika patsinde.

"Aa, ni uyu," anatero. "Mutengo uyu ndiye ubweletsa tudoyo, ba Tembo. Kwanga ninajubisa yonse. Osavutika, nizakutumilani muntu wanga wa mu gadeni, mawa chabe azausiliza."

Tisa anayang'ana pansi. Chimene ankafuna chinali chitabwera chokha, pa galimoto yaitali, ndipo sanaoneke ngati munthu wolandira mphatso.

Amalume anaika chibakera chawo kumbuyo. "Ameneyo ndi mkulu wake wa Tisa," anatero. "Mchombo wake uli pansipo. Manda ake tinawataya."

Anangonena zomwezo. Ba Chanda, amene mutu wawo unali utatulukira pamwamba pa mpanda kuti aone galimoto, anautsitsa pang'onopang'ono.

Amake Mapalo anauyang'ana mtengowo kuyambira kunsonga mpaka patsinde. Kenako anachotsa kansalu pamphuno, anapatsira mlongo wawo chikwama, ndipo pa nsapato zazitali zija, pa dothi la ku Chelstone, anapinda mawondo pang'ono n'kuuwombera m'manja mtengo wa malalanje.

"Pepani," anatero. "Sitinakupatseni moni." Atatembenuka analankhula motsitsa, osayang'ana munthu. "Muchombo wa Mapalo unagwela mu nyumba ya lenti ku Kabwata. Unasesewa pamozi na vinyalala. Sininaziba kuti nizaufuna."

Galimoto itachoka, Tisa anatseka geti n'kubwera molunjika kwa bambo ake.

"Tsegulani kwanja."

Anatsegula. Chikhatho chinali chitasanduka chachikasu chodera, ngati chapsa ndi ayironi. Nunkhadala anali moyo. Anayenda mpaka kunsonga ya chala, anaganiza pang'ono za moyo wake, n'kuuluka kubwerera mumtengo.

"Anamuona?" anafunsa amalume.

"Sibanamuone."

"Pulofesa?"

"Mboni ikutsimikiza kuti palibe mlendo amene anaona nunkhadala ndi maso."

"Ndiye mtengo ukhala."

"Ba tate," anatero Tisa, ndipo mawu ake anali otopa, osati okwiya, "nyumba yonse yenze kununkha. Bantu benze kulila misozi."

Kuwala kuja kunachoka pankhope pawo. Anayang'ana chikhatho chawo, anachibweretsa pamphuno, chinthu chimene ankadziwa kuti n'chopanda ntchito.

"Kuyambira liti?"

"Kuchokela pamene munaomba mu manja."

"Nthawi yonse ija? Ndikuwafunsa za mvula?"

Anakhala pa sitepe ya kukhitchini. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala pansi osafufuza khoma lililonse. Patapita nthawi anati, "Amako akanatsokomola."

Tisa analowa m'nyumba n'kuyamba kumatula mawindo ndi mpeni wa buledi.

Lamlungu lotsatira amalume anavala shati yoyera, anatenga buku la nyimbo, n'kulunjika kugeti. Tisa anali pakhonde akupenta zikhadabo. Osadzutsa maso, anatsokomola kawiri, kachifuwa kouma. Amalume anaima. Sanatembenuke msanga. Kenako anagwira m'thumba ngati aiwala kiyi, anabwerera m'nyumba, n'kutuluka ndi shati ina, akuyenda ngati mnyamata. Ine ndinali nditadutsana nawo pakhomo, ndipo monga mboni yovomerezeka ndinene pano kuti shati yoyamba ija sinkanunkha kanthu.

Za munthu wa makina sizinamvekenso. Tisa anakwatiwa n'kusamukira ku Avondale, m'nyumba yopanda mtengo. Atabereka mwana wake woyamba, tsiku lina anatulukira pa Chelstone yekha, atavala magalasi akuda ngati munthu wobwera kudzagula chinthu choletsedwa. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa kamchombo ka khandalo kokulungidwa m'thonje.

"Ba mbuya bake ndiye banituma," anatero, kutanthauza amake Mapalo. "Koma osauza bantu ba ku chechi kwathu. Khasu ili kuti?"

Amalume anakumba okha, mbali ya kum'mawa kwa tsinde, mosamala kuti asadule muzu. Tsiku limenelo nunkhadala anagwera Tisa m'tsitsi, ndipo Tisayo anatukwana mawu amene sindingawalembe m'nkhani ya chikumbutso.

Amalume anadwala chifuwa nyengo yozizira ya chaka chatha. Kuchipatala ankadandaula za mawindo a m'wodi, ati ming'alu yake ingalowe ndi mbuzi yomwe, ndipo anandituma kuti ndikawatengere zomatira. Nditabwera nazo ndinapeza bedi layalulidwa.

Dzulo ndinapita ku Chelstone. Nyumbayo tsopano muli anthu a lendi, banja laling'ono la anthu aukhondo. Bwalo lonse anayalapo timiyala ta simenti kuyambira kugeti mpaka kumpanda, koma Tisa anawauza kuti mtengo ukakhudzidwa asamuke, choncho anausiyira kabwalo ka dothi kokwana tsinde, ngati kolala. Kachipinda kanga muli makatoni. Babu la pakhonde limayaka usana womwe. Pa sitepe ya kukhitchini pali mphika wa maluwa apulasitiki, ndipo beseni lija ndinaliona kuseri kwa thanki, lobooka, muli masamba ouma. Ndodo yogogodera nthambi ikadali pamene ankaitsamiritsa, pakati pa mpanda ndi tsinde. Palibe amene anadziwa kuti ndi chida, ndiye palibe anaitaya.

Mayi wa m'nyumbamo anandiuza monyadira kuti anaitana anthu opopera, ndipo chichokereni iwo sanaonenso kachilombo. Ndinayang'ana kunsi kwa masamba. Kunalibe mazira, kunalibe nunkhadala, kunalibe ngakhale njuchi. Kuseri kwa mpanda kunali zii, mutu wa ba Chanda sunatulukire.

Ndinaima pansi pa mtengo, n'kukoka mpweya ndi mphuno zonse ziwiri, kufunafuna. Sipankanunkha kanthu. Panali mphepo chabe, monga mmene mwini wake ankapamvera zaka zonse zija.